Galimoto Yotang'adza pa Mlatho wa Apongozi

Mpaka lero kumudzi kwa akazi anga, kumunsi kwa boma la Nkhotakota, mbuzi ikalowetsa mutu mumpanda n'kulephera kuutulutsa anthu amati yachita za alamu ake a Zainabu. Alamu ake a Zainabuwo ndine. Ana ambiri amene amanena mawuwa anabadwa nkhaniyi itachitika kale, moti ena amandiuza ine mwiniwake osadziwa. Ndiye ndati ndiifotokoze ndekha, chifukwa ikamakambidwa ndi ena amaikamo ng'ona, chikhalirecho mumtsinje muja munalibe ng'ona (munali achule okhaokha, ndipo nawonso anandiseka).

Zinachitika matipate atangoyamba, nthawi ija munthu ankati akakuponda phazi mu basi n'kukuuza kuti ndi ufulu wake. Ine ndinali kalaliki ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, mwana wa ku Ntchisi, ndipo ndinali nditangogula galimoto yanga yoyamba kwa munthu wina wa ku Salima amene anatopa nayo. Kanali kasaluni kobiriwira, kowonda, chitseko chimodzi chakumbuyo chotsegula ndi waya. Koma kankayenda, ndipo ine ndikakhala m'menemo ndinkadzimva ngati dziko lonse lavotera ine.

Vuto langa linali apongozi anga aamuna. Sanandinyozepo, ayi. Akanandinyoza bwenzi zili bwino. Iwo ankandipatsa ulemu, ulemu wozizira uja amapatsa munthu wa boma wobwera kudzachita kalembera. Ndikangofika, mawu anali omwewo: "Akalaliki afika, apatseni mpando." Akamwini anzanga, asodzi ndi alimi a mpunga, ankatumidwa kuwaza nkhuni ndi kusenda mbuzi, ankakalipiridwa kuti alibe mitu, kenako n'kukhala pamphasa kudya mpunga mbale imodzi ndi mdalayo uku akuseka. Ine ndinkadyera pandekha, patebulo, ndi supuni. Ana anga ankatengedwa ngati eni mudzi, bambo wawo ali mlendo. Zinkandiwawa kwambiri, ngakhale sindinkauza munthu.

Ndiye tangoganizani m'mene mtima wanga unadumphira tsiku limene anandiitana pambali n'kunena kuti: "Akalaliki, mlamu wanu Zainabu akukwatiwa mpunga ukakololedwa, Inshallah. Akakhala kwa azakhali ake ku boma kulandira mwambo. Tsiku la ukwati mukamutenge ndi galimoto yanu, mudzamufikitse pakhomo pano."

Ntchito yanga yoyamba m'banjamo! Ndinayankha kuti chabwino ndi mawu aulemu, koma mumtima ndinali kuvina malipenga.

Ndisanapite patali, mudziwe kuti mudzi umenewu uli kuseri kwa madambo a mpunga, ndipo kuti ufike pakhomo umawoloka kamtsinje kamatope kokhala ndi magombe akuya. Galimoto ndinkaisiya tsidya lino pansi pa mango, ife n'kuwolokera pamtengo umodzi wa anthu oyenda pansi. Nditatchula za zimenezi, apongozi anangoti, "Za njira musade nazo nkhawa." Ine ndinaganiza kuti mwina m'chilimwe mtsinjewo umaphwa.

Madzulo a tsiku lomwelo anatiperekeza mpaka pagalimoto, m'manja muli nsungwi yaitali. Anagwada pansi, mkanjo wawo woyera uli m'fumbi, n'kuyeza kuchokera tayala lina lakutsogolo kufika linzake. Anapita kumbuyo n'kuchitanso chimodzimodzi. Kenako anatulutsa mpeni, n'kulemba chizindikiro pansungwipo, n'kugwedeza mutu, n'kutitsanzika. Sanafotokoze kalikonse, ndipo ine sindinafunse, poti mkamwini safunsa apongozi ake mafunso ngati wapolisi.

Njira yonse yobwerera ku Dwangwa ndinali kulingalira za nsungwi ija. Pofika pa Bua ndinali nditapeza yankho: mdala uja waona kuti galimoto yanga ndi yowonda, yosayenera kunyamula mkwatibwi. Masiku amenewo aphungu atsopano ankabwera kumisonkhano ndi zigalimoto za matayala otuluka panja, zoima motang'adza ngati mwini bwalo. Mdala anaziona zimenezo, ndinatero mumtima, ndiye akuyerekeza ndi kanga. (Mukuona nzeru za kalaliki. Munthu sanalankhule liwu ndi limodzi lomwe, ine ndamulembera kale kalata yonse.)

Pa Dwangwa panali makaniko wina, a Mhango, wa ku Rumphi, amene galaja yawo inali pansi pa mtengo wa mkuyu. Nditawafotokozera, anaizungulira galimoto ija akupukuta manja ndi chisanza.

"Adada, injini yili makora," anatero, "kweni galimoto yanu yikuyima ngati mwali wamanyazi, miyendo pamodzi. Mankhwala ake alipo. Masipesa."

Kwa amene simuwadziwa, sipesa ndi chitsulo chozungulira, chophwatalala, choboola mabowo odutsa mabawuti. Umachotsa tayala, n'kulowetsa chitsulocho, n'kubwezera tayala pamwamba pake, ndiye tayalalo limasunthira panja. M'sitolo za kuno munalibe, koma a Mhango ankadula okha kuchokera ku zitsulo zakale za mathirakitala. Oyamba amene anandiikira anali ochindikala ngati chala. Ndinathamangira kunyumba, n'kuimika galimoto pakhomo, n'kuitana akazi anga Asiyatu kuti adzaone.

Anaiyang'ana kutsogolo, anaiyang'ana kumbuyo. "Mwaitsuka?"

M'mawa mwake ndinali kwa a Mhango. Ulendo uno anadula ochindikala ngati sopo wa mtanda. Pomanga manati anaima kaye n'kundiitana.

"Bwana, onani apa. Mabawuti afupika chomene. Manati akungogwira kumapeto, ngati munthu wolendewera pa matola."

"Koma akugwira?"

"Kugwira akugwira."

"Ndiye mangani."

Apa tsopano anthu anayamba kucheuka. Mlonda wa pageti kuntchito anandimenyera sawatcha. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinabwereranso kachitatu, ndipo a Mhango, amene tsopano anali atatenthedwa ngati ine ndemwe, anati titembenuze marimu, zitsulo zija zovekapo matayala, mkati mukhale kunja. Titatero matayala anatuluka kwathunthu, n'kuyamba kukhula madigadi, malata aja ophimba matayala, pa bampu iliyonse. Tinadula madigadiwo ndi sowo. Galimoto ija inaima pansi pa mkuyu ngati nkhanu, ine ndi a Mhango tinagwirana chanza kangapo konse, iwo akuti yewo, ine ndikuti zikomo, ngati tatsegulira chipatala.

Abale anga, masabata amenewo ndinasangalala. Anyamata oitanira minibasi pa siteji ankakuwa kuti "Onarebo! Onarebo!" ine n'kumatulutsa dzanja pawindo kuwabayibitsa ngati ndili pa kampeni. Ndikadutsa pachithaphwi matope ankauluka mbali zonse mpaka padenga langa lomwe. Chiwongolero chinalemera moti pokhota ndinkachita kutuluka thukuta, koma ndinkati ndiye kulemera kwa galimoto ya bwana kumeneko. Ngakhale kukagula mchere pa golosale yoonekera pakhomo ndinkapita pagalimoto.

Asiyatu yekha ndiye sanatengeke. "Bambo a Faida," anatero tsiku lina ataima pakhonde, "galimoto yanuyi ikuyenda ngati mnyamata wochokera ku jando bala lisanapole. Simukanawafunsa ababa chimene ankayezera?"

"Mayi a Faida, zinthu zasintha. Za magalimoto tisiyireni amuna."

Anangoseka kamodzi, ka m'mphuno, n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la ukwati ndinavala suti ya kirimu yobwereka kwa mnzanga wa ku ofesi ya malipiro. Asiyatu ndi ana anali atatsogola kale kumudzi kukaphika. Galimoto ndinaikongoletsa ndi maluwa ndi mapepala amitundumitundu, n'kukafika kwa azakhali ku boma dzuwa litakwera pang'ono. Anamutulutsa Zainabu atamuphimba ndi chinsalu choyera kuyambira kumutu, kumapazi atamujambula ndi utoto wa hina, akuyenda pa zitenje zoyala pansi mpaka pachitseko cha galimoto (ndinali nditamasuliratu waya uja). Azakhaliwo, a Mwanaidi, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, anakhala pambali pake n'kundigwira phewa.

"Akamwini, mumve bwino. Mwanayu walowa muno, kotsikira kwake ndi pabwalo la bambo ake, pamkeka, pamaso pa mwamuna wake ndi ashehe. Kwathu kuno mkwatibwi satsika panjira. Wotsika panjira, banja lake limatheranso panjira. Kaya tayala liphulike, kaya kugwe chiyani, phazi lake lisakhudze dothi."

"Azakhali," ndinatero ndikumenya chiwongolero, "galimoto iyi ndi ya aphungu."

Tinayenda bwino, hutala ali pakamwa njira yonse. Titasiya tala n'kulowa m'madambo, ana anayamba kutithamangira, amayi otuta mapesi a mpunga akuimba nthungululu. Titakhota pa mango paja, ndinaona chinthu chimene sichinalipo kale: mlatho. Migwalangwa iwiri yaitali, yosemedwa bwino pamwamba ndi kasemasema, itagonekedwa kuchokera gombe lino kufika linalo, umodzi wa matayala akumanja, wina wa akumanzere, pakati pali pululu. M'mbali anazikamo makhwatha a kanjedza ndi maluwa. Tsidya linalo kunali mudzi wonse pamodzi ndi akuchimuna, ndipo kutsogolo kwawo kunaima apongozi anga, mkanjo woyera, mzuli watsopano, akumwetulira. Chikwatirireni mwana wawo ndinali ndisanaonepo mano awo.

Pamenepo m'pamene nsungwi ija inandibwerera m'mutu. Ndinayang'ana migwalangwa, ndinasuzumira pawindo kuyang'ana tayala langa, ndipo ngakhale ine wa masamu a ku ofesi ndinaona kuti sizikugwirizana. Ndikanatha kuima. Ndikanatha kutsika, n'kupempha jeke ndi sipanala, n'kuchotsa zitsulo za a Mhango anthu akudikira. Koma ng'oma zinali kulira, amayi akuvina chioda, mdala akundikodola ndi manja onse awiri kuti bwerani, bwerani. Ndinati mumtima, mwina m'mphepete mwa matayala mugwira.

M'mphepetemo munagwiradi, mpaka pakati pa mtsinje. Ndinamva kulira kwa labala ikutsetsereka, kenako galimoto yonse inangoti khu! Matayala akumanja anagwera kunja kwa mgwalangwa wakumanja, akumanzere kunja kwa wakumanzere, mimba ya galimoto n'kukhala pamitengo ija ngati munthu wakwera bulu. Ine ndi mantha ndinapondabe mafuta, matayala n'kumazungulira m'malere. Kenako lakumbuyo kumanzere, lija manati ake ankangolendewera, linatsanzika. Linagwera m'matope, n'kuyenda pang'ono lokha, n'kugona.

Ng'oma zinaleka. Kunangomveka achule.

"Asitafurulahi!" anatero azakhali. Pagalasi ndinaona chinsalu choyera chija chikugwedezeka. Ndinayesa Zainabu akulira, koma ayi, mlamu wanga ankaseka, ndipo azakhali ankamutsina kuti aleke, poti mkwatibwi saseka pagulu.

Ndinatsegula chitseko kuti nditsike mwaulemu, kuiwala kuti pansi palibe. Ndinalowa m'matope mpaka m'chiuno, suti ya eni ake ili m'thupi.

Anyamata ena anathamanga n'kunena kuti amubereke mkwatibwi awoloke naye. Azakhali anatulutsa mutu pawindo. "Amene akhudze chitseko ichi aona chimene chinameta nkhanga mpala! Kumubereka ndiye kuti sanatsike? Mwanayu atuluka muno pabwalo la bambo ake, kaya tigona pano."

Apongozi anatuma munthu kukatenga nsungwi ija kunyumba. Anakwinya mkanjo, n'kuyenda pamgwalangwa mpaka kutsogolo kwa galimoto, n'kuyeza. Nsungwi inaperewera chikhatho chathunthu mbali iyi, chikhatho china mbali inayo. Anayezanso. Anayang'ana chizindikiro chawo cha mpeni nthawi yaitali, kenako anatembenukira akuchimuna.

"Abale anga, mundikhululukire. Mitengo iyi ndinasema ndekha, mwezi wathunthu, kuti galimoto ya akalaliki izifika pakhomo ngati ya mwana wapakhomo. Ndiye onani, ndakalamba, maso andinamiza. Ndinayeza molakwa. Ndamuchititsa manyazi mwana wanga pa tsiku lake, ndawawonongeranso alendowa galimoto yawo."

Ndinaima m'matope muja ndikumva mawu amenewa. Mwezi wathunthu mdala akusema migwalangwa chifukwa cha ine, ine ndili kalikiliki pansi pa mkuyu kukonza zoti ndimudabwitse. Ndipo njira yothawira inali itatseguka yokha: ndikanangokhala chete, mlandu ukanakhala wa maso a nkhalamba, ine n'kupatsidwanso mpando ndi pepani wambiri. Sindikunamizani, ndinaiganizira njira imeneyo. Koma nditakweza maso ndinaona Asiyatu pagombe, chikombe cha pilawu chili m'manja, akundiyang'ana osaphethira.

"Bambo," ndinatero, mawu akutuluka ang'onoang'ono, "simunalakwitse ndinu. Galimotoyi ndinaikulitsa."

"Mwati bwanji?"

"Ndinaikamo zitsulo kuti matayala atuluke panja. Mutayeza kale. Ndinkayesa mukuiona kuwonda."

Anandiyang'ana. Anayang'ana nsungwi. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ulemu wonse wa zaka zija ukusungunuka.

"Iwe!" anakuwa mpaka mbalame zinauluka m'bango. "Iwe mutu wako uli ndi madzi? Galimoto amainenepetsa ngati mbuzi ya Idi? Pakamwa unapasiya ku Ntchisi kuti ulephere kundifunsa? Sukulu yonse ija unkaphunzira chiyani, kutang'adza? Vula jekete lakolo, gwira apa!"

Anthu anaphulika ndi phwete. Ine, ndikuuzeni zoona, ndinasekerera ngati chitsiru. Munthu akundilalatira pamaso pa mudzi wonse, ine mtima uli mbee, chifukwa ndi m'mene ankawalalatira anzanga aja.

Asodzi a kumeneko anazolowera kukoka makoka ndi kukweza mabwato pamtunda, ndiye galimoto kwa iwo sinali nkhani. Anabweretsa mitengo ya bulugamu, n'kuilowetsa pansi pa galimoto mopingasa, amuna n'kuima m'matope mbali zonse. Ine apongozi anandiika kutsogolo, pansi pa injini, pomwe pamalemera kwambiri. Mmodzi anatsogolera mfuu ya kukhoka ija, tonse n'kuyankha, galimoto n'kunyamuka, azakhali ali m'kati akupemphera mokweza. Titafika pagombe wina anati tiitsitse, koma ya matayala atatu ikanayenda bwanji? Mdala anangoloza kumudzi ndi nsungwi.

Choncho mlamu wanga Zainabu analowa m'mudzi mwa bambo ake ali m'galimoto yoyenda pamapewa a anthu. Ng'oma zinayambiranso, ndipo amayi a chioda anapeka nyimbo pomwepo, yonena za galimoto ya alamu imene inakana mlatho chifukwa cha matewe. Mkwati, mnyamata wofatsa wa ku Benga, anataya ulemu wake n'kubwera kudzalowetsa phewa pambali panga. Ana ankagubuduza tayala lija kumbuyo kwathu. Nsapato imodzi ndinaisiya mumtsinje, phewa linasupuka, koma ndinkaimba nawo nyimbo yondinyozayo mokweza kuposa onse. Tinaitula pabwalo, pafupi ndi mkeka, azakhali n'kumasula waya, phazi la Zainabu n'kutera pamene linayenera kutera. Banja lake lilipo mpaka lero, ndipo azakhali ankati ndi chifukwa cha iwo.

Tsikulo sindinapatsidwe madzi osamba msanga. Mdala anati matope aume kaye ndizikumbukira, n'kundituma kukathandiza kusenda mbuzi, ntchito imene sindinkaidziwa, moti ndinaboola chifu n'kulalatiridwanso. M'mawa mwake ndinachotsa masipesa onse ndi manja anga, iwo ataima pambali akundiuza kuti ndikugwira sipanala ngati cholembera. Zitsulozo anazitenga asodzi, akuti zimagwira bwino ntchito ya nangula.

Phunziro lake ndi loti munthu wamkulu akamayeza chinthu chako ndi nsungwi, funsa. Koma pali lina limene palibe anandichenjeza. Kuchokera tsiku limenelo sindinapumenso. Denga la khola likadontha, itanani bambo a Faida. Mpunga ukafuna kupita kuchigayo, ng'ombe ikathawa, mwana akameza ndalama, bambo a Faida, ndipo ndikachedwa pang'ono ndimamva mbiri yonse ya mutu wanga. Tsiku lina ndikusenza thumba la mpunga kuchokera kudambo, thukuta lili kamukamu, ndinadandaulira Asiyatu kuti bambo ake andipha ndi ntchito.

"Ndikawauze kuti mwatopa, ayambirenso kukulemekezani?" anafunsa.

Ndinamugwira mkono msangamsanga, thumba n'kugwa. "Iwe, usayerekeze."